ZA M'NYUMBA: Maswiti a Mtedza, a Mkaka ndi a Koko

Amayi ndi abambo a m'midzi, mwezi uno tikamba za kanthu kamene ena adzati nkachabe, ndiko maswiti. Mtedza wakumbidwa, wauma, uli m'matumba ndi m'nkhokwe, ndipo shuga sasowa ngakhale m'kagolosale ka kumudzi. Koma onani ndalama zimene zituluka m'nyumba tsiku ndi tsiku kukagula timaswiti tokulungidwa m'mapepala owala, tamadzi ndi utoto chabe: pa tsiku limodzi sizioneka, koma mukaziwerenga pa chaka mudzapeza kuti mwadya nkhuku zingapo osalawa nyama yake. Tsono mayi wodziwa kusunga moto angathe kupanga yekha maswiti oposa amenewo kukoma, okhutitsa mwana, ndiponso otheka kugulitsa. Tifotokoza mitundu itatu: a mtedza ouma ngati galasi, a mkaka ofewa amene Azungu awatcha karamelo, ndi a koko.

Luso limeneli si la mtundu umodzi wa anthu ayi. Ku India aphika mtedza ndi madzi a nzimbe owumitsa, nawatcha chikki. Ku gombe la Tanzania ndi ku Zanzibar ali ndi kashata, wa mtedza kapena wa kokonati. Ku France kuli praline, amene dzina lake lichokera kwa mkulu wa asilikali wa zaka za m'ma 1600, du Plessis-Praslin, pakuti anthu asimba kuti wophika wa m'nyumba mwake ndiye anayamba kukuta mtedza wa m'mitengo ndi shuga wopsa. Dzina linapita kwa bwana, thukuta linali la wophika. Zotere sizachilendo ngakhale kwathu kuno.

Tisanafike pa moto, tiyenera kuyamba ndi lichero, ndipo pano tichedwapo pang'ono chifukwa mpamene pali mlandu waukulu. M'nyumba zambiri mwambo uli wotere: mtedza wabwino, wonenepa, wa maso owala, upita kumsika, ndipo wotsala, mphwephwa, woswekasweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda kapena wa chuku, ndiwo usungidwa kuti ukhale wa nsinjiro, wa chiponde ndi wa ana. Mayi aganiza kuti wachita mwanzeru, kuti sanataye kanthu. Koma m'mtedza wotere ndimo mukhala poizoni wotchedwa aflatokisini, amene apangidwa ndi chuku chomera pa mtedza ndi pa chimanga chosauma bwino. Poizoni ameneyu anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zokwana ngati 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil. Pofufuza imfa ya mbalamezo akatswiri anapeza chuku chimenechi, ndipo kuyambira pamenepo zadziwika kuti kwa munthu poizoniyu awononga chiwindi, abweretsa khansa ya m'chiwindi akadyedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo akachuluka pa nthawi imodzi apha. M'chaka cha 2004 anthu oposa 100 anafa ku Kenya atadya chimanga choipa chotere.

Chimene tifuna kuti mayi aliyense amve ndi ichi: moto wa pakhomo sumupha poizoni ameneyu. Kazingani mtedzawo mpaka udetsedwe, uphikeni m'shuga wowira, iye alimobe. Ndipo maswiti ali ndi choopsa chawo chapadera. Mwana akatafuna mtedza wokazinga napeza njere yowawa, alavula yekha, pakuti lilime limuchenjeza. Koma njere yomweyo ikakutidwa ndi shuga, kuwawa kwake kubisika, ndipo mwana ameza mokondwa napempha ina. Chifukwa chake mtedza wa maswiti ukhale wosankhidwa ndi dzanja, umodziumodzi, masana poyera, osati madzulo pa koloboyi. Chotsani wofota, wosweka kale, wosintha mtundu, womera ndi wonunkha chinyontho. Ndipo musaupatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, pakuti poizoniyo adutsa kulowa mumkaka. Ukwirireni.

Palinso chizolowezi china chimene tipempha kuti chileke, ndicho kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda. Zala zipumuladi, koma chinyezi chimenecho ndicho chakudya cha chuku. Sendani wouma, ndipo sendani wokwanira ntchito ya tsikulo, pakuti mtedza usungika bwino uli m'makoko mwake. Kaya ndi Chalimbana wa njere zazikulu kaya ndi CG7 wofiira wamafuta ambiri, onse apanga maswiti abwino, malinga asankhidwe.

Kukazinga simufuna kuphunzitsidwa ndi ife. Tingokumbutsa kuti moto ukhale wochepa, dzanja lisaleke kutakasa m'chiwaya, ndipo muuphule usanafiire kwambiri, chifukwa udzapsanso pang'ono ukakomana ndi shuga wotentha. Ukazizira utikiteni m'manja, mupete timakoko tofiira, ndipo njere zikagawika pakati nkwabwino koposa.

Tsono za shuga. Amene amupanga ku Nchalo ndi ku Dwangwa agwira ntchito yaikulu kuchotsa madzi m'nzimbe kufikira patatsala timiyala toyera. Ife pa mbaula timusungunulanso m'madzi, kenaka tichotsa madziwo pang'onopang'ono ndi moto, ndipo luso lonse la maswiti ligona pa kudziwa nthawi yophula. Madzi okha awira pa madigiri 100, ndipo kumapiri monga ku Dedza awira asanafike pamenepo. Koma madzi a shuga, pamene madziwo achepa, kutentha kwake kukwererakwerera. Pa madigiri 115 maswiti adzakhala ofewa, pa 120 otafunika, pa 150 ouma osweka, ndipo kupitirira 160 shuga ayamba kufiira nanunkhira, ndiye karamelo. Pakangopita kanthawi kochepa ada bii nawawa, ndipo palibe chomubwezera.

Pamudzi palibe choyezera kutentha, ndipo sichifunika. Ikani pafupi kapu ya madzi ozizira, mudonthezemo shuga pang'ono ndi supuni, muyembekeze kamphindi, kenaka mugwire ndi zala m'madzimo. Akasungunuka ndi kusowa, sanapse. Akaumbika kampira kofewa kamene kaphwatalala mukakatulutsa, ndiye wa maswiti a koko. Kampirako kakalimba koma nkumabinyika mukakafinya, ndiye wa karamelo wofewa. Akapanga ulusi wouma wothyoka kuti thyo, ndiye wa maswiti a mtedza. Sinthani madzi m'kapu nthawi iliyonse, ndipo poyesa chotsani poto pa moto, pakuti shuga sayembekeza munthu.

Maswiti a mtedza apangidwa motere. Konzeranitu zonse: thireyi kapena mbale yaikulu yachitsulo yopakidwa mafuta ophikira, mpeni wopakidwanso mafuta, ndi makapu awiri a mtedza wokazinga. M'poto wochindikala pansi, wouma ndi woyera, thirani makapu awiri a shuga, theka la kapu ya madzi ndi supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu. Takasani pa moto wochepa kufikira shuga yense atasungunuka, ndipo akayamba kuwira chotsani mthiko, musatakasenso. Apa mpamene amayi ambiri alephera, chifukwa dzanja lozolowera nsima silifuna kukhala chete pamaso pa poto wowira. Koma shuga wosungunuka afuna nthawi zonse kubwerera ku timiyala take, ndipo kutakasa, kapena kanjere kamodzi ka shuga kouma kogwa kuchokera m'mbali mwa poto, kakwanira kusandutsa poto yense mchenga woyera. Mandimu aja ndiwo amlonda: asidi wake aphwanya gawo la shuga kukhala mitundu iwiri ina imene siilolana kuumbika msanga. Zikachitika ndithu kuti shuga wasanduka mchenga, musataye. Thirani madzi pang'ono, musungunulenso, muyambenso.

Shuga akafika pa mtundu wa uchi, ndipo ulusi wake uthyoka m'madzi ozizira, phulani. Thiranimo msanga mtedza, kamchere ka pakati pa zala ziwiri ndi supuni imodzi ya majarini; takasani kawiri katatu, khuthulirani pa thireyi, ndipo yalani ndi kumbuyo kwa supuni yopakidwa mafuta. Ofuna maswiti opepuka, osavuta mano a agogo, awonjezere theka la supuni yaing'ono ya soda pamodzi ndi mtedzawo: shuga adzatupa thovu, ndipo timphako ta mpweya totsala m'katimo tipangitsa switi kuphwanyika mosavuta. Lembani mizere ndi mpeni akadali ofunda, pakuti akazizira mpeni sulowanso, ndipo mudzangowaswa zidutswa zosalingana zimene zibweretsa ndewu pakati pa ana. Chitowe chokazinga chilowa m'malo mwa mtedza, kapena pamodzi nawo, ndipo amene ali kufupi ndi minda ya makademiya ku Thyolo kapena ku Ntchisi achite chimodzimodzi ndi mtedza umenewo.

Tinene mawu olimba za ana pa nthawi ya kuphikaku. Shuga wa madigiri 150 atentha koposa madzi owira, ndipo sayenderera kuchoka pakhungu monga madzi. Amamatira, napitiriza kuwotcha. Kuipa kwake nkwakuti aoneka wokongola ndipo anunkhira, kotero kuti mwana athamangira kuviika chala. Mwana wa kumbuyo mutsitseni mum'patse wina. Okwawa akhale kutali ndi mbaula. Chogwirira cha poto chisaloze kumene kudutsa anthu. Ngozi ikagwa, viikani malo opsawo m'madzi ozizira aukhondo, kapena thirani madziwo mosalekeza kwa mphindi 20. Musapake mafuta, mazira, mankhwala otsukira mano, dothi kapena ndowe, ndipo musaboole matuza. Chilonda chikakhala chachikulu, kapena chikakhala kumaso, m'manja, kapena pa mwana wamng'ono, phimbani ndi nsalu yoyera mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Karamelo wa mkaka afuna poto wamkulu, chifukwa mkaka ukwera. Tenthetsani kapu imodzi ya mkaka padera. M'poto wouma ikani theka la kapu ya shuga wopanda madzi, pa moto wochepa, mumusiye asungunuke yekha kufikira atafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Phulani, ndipo thirani mkaka wotentha uja pang'onopang'ono, nkhope ili kutali, pakuti padzatuluka nthunzi yaukali. Shuga adzaumbika chibuluma. Musade nkhawa, adzasungunuka mukabwezera pa moto. Onjezani kapu imodzi ndi theka ya shuga, masupuni atatu a majarini, awiri a uchi, ndi kamchere. Kuno mandimu asayandikire, chifukwa adula mkaka. Ntchito yawo aigwira ndi uchi uja. Ndipo kuno lamulo la mthiko litembenuka: takasani osaleka, kupalira pansi, pakuti mkaka upserera msanga. Kampira kakalimba m'madzi ozizira, khuthulirani m'mbale yopakidwa mafuta, ndipo akazizira dulani timabwalo tating'ono.

Nanga chokoleti? Ambiri afunsa ngati nchotheka kuchipanga pakhomo monga chija chogulidwa m'sitolo. Yankho loona nlakuti ayi, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya mtengo wake. Koko ndi mtengo wa m'nkhalango zotentha za ku America, wofuna mthunzi ndi mvula yogwa pafupifupi chaka chonse. Zipatso zake zimera pa thunthu penipeni, ndipo chilichonse chikhala ndi njere 30 kapena 40 zokutidwa ndi zoyera zotsekemera. Njerezo aziunjika, naziphimba ndi masamba a nthochi kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri kuti zisase, kenaka aziyanika padzuwa, azikazinga ndi kuzipera. Anthu a mtundu wa Maya ndi wa Aztec, a dziko limene lero litchedwa Mexico ndi maiko oyandikana nalo, ankamwa koko ngati chakumwa chowawa, chathovu, nthawi zina chothira tsabola, ndipo njere zake zinali ngati ndalama pamsika. Anthu a ku Spain atafika kumeneko m'zaka za m'ma 1500 anachitengera kwawo nachithira shuga.

Chakumwachi chinavutitsa ngakhale akatswiri a malamulo a Mpingo, pakuti chinali chokhutitsa kotero kuti anthu anafunsa ngati wochimwa pa tsiku losala kudya waswa lamulo. Antonio de León Pinelo analemba buku lathunthu pa funso limeneli ku Madrid m'chaka cha 1636, ndipo m'chaka cha 1664 Kadinala Brancaccio anaweruza kuti chakumwa sichiswa kusala. Tikhulupirira kuti ambiri amene anakondwa ndi chiweruzocho sanali kufuna chiphunzitso, anali kufuna kapu.

Kwa zaka mazana atatu chokoleti chinakhala chakumwa. Pafupifupi theka la njere ya koko ndi mafuta, ndipo m'chaka cha 1828 banja la Van Houten ku Holland linapeza makina ofinyira mafutawo, kotero kuti panatsala ufa umene tiutcha koko. M'chaka cha 1847 kampani ya Fry ku Bristol inabwezera mafuta aja mu ufa wa koko ndi shuga, nipanga chokoleti cholimba chodya ndi mano. Ku Switzerland, Daniel Peter anathiramo mkaka m'chaka cha 1875, ndipo m'chaka cha 1879 Rodolphe Lindt anapanga makina opera ndi kutakasa chokoleti usana ndi usiku mpaka chisalale. M'zaka zomwezo Tetteh Quarshie anabwera ndi mbewu za koko ku Ghana kuchokera pa chilumba cha Fernando Po, ndipo m'zaka zathu zino Ghana ndi Côte d'Ivoire alima pafupifupi theka la koko yense wa pa dziko lapansi, chinkana alimi ambiri a kumeneko ndi osauka ngati alimi a fodya a kwathu, ndipo chokoleti chenicheni sachilawa kawirikawiri.

Mwaona tsono kuti mtondo ndi munsi sizingafike pa kusalala kumene makina aja afikapo, ndipo mafuta a koko sapezeka pamudzi. Koma ndi ufa wa koko tingathe kupanga maswiti amene mwana sadzafunsa za m'sitolo. Pogula yang'anani kuti ndi koko weniweni, wakuda, wowawa. Zitini zina za chakumwa zikhala ndi shuga wambiri ndi koko wochepa. Sakanizani makapu awiri a shuga ndi masupuni aakulu asanu a koko zili zouma, kuti pasakhale mibulu, kenaka thirani kapu imodzi ya mkaka ndi kamchere. Phikani pa moto wapakati, kutakasa pang'ono kuti zisagwire pansi, kufikira kampira kofewa. Phulani, ponyanimo masupuni awiri a majarini, ndipo musakhudze konse mpaka poto atazizira kotero kuti mungathe kugwira pansi pake ndi dzanja osapsa. Pamenepo takasani mwamphamvu ndi mthiko. Poyamba zidzakhala zonyezimira. Kunyezimirako kukayamba kuzilala ndipo mthiko ulemera, thiranimo kapu ya mtedza wosinja pang'ono, khuthulirani msanga m'mbale, mufanize. Wotakasa zikadali zotentha apeza maswiti a mchenga. Wodikira apeza osalala osungunuka pa lilime, chifukwa timiyala ta shuga topangika m'kuzizira tikhala tating'ono kwambiri.

Pali njira inanso yosafuna moto, imene ngakhale atsikana a sukulu angaitsate okha. Sinjani shuga mumtondo wouma mpaka akhale ufa, musefe. Sakanizani kapu imodzi ya chiponde, theka la kapu ya shuga wosinjayo, theka la kapu ya mkaka waufa ndi masupuni awiri a koko. Umbani timipira, mutigubuduze pa nsinjiro zokazinga. Timeneti ndi kamba wabwino wa paulendo.

Wina akakupatsani chokoleti cha m'sitolo ndipo mufuna kukuta nacho mtedza, musachiike pa moto mwachindunji, pakuti chipserera. Chidulenidulani m'mbale youma, muike mbaleyo pamwamba pa poto wa madzi otentha osawira, ndipo samalani kuti dontho ngakhale limodzi la madzi lisagweremo, chifukwa chidzaumbika phala lolimba. Mafuta a koko asungunuka pa madigiri ngati 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. Nchifukwa chake chokoleti chisungunuka m'kamwa, ndipo nchifukwa chakenso ntchitoyi iyenera miyezi ya Juni ndi Julayi, osati Okutobala, makamaka ku Chigwa cha Shire. Chikasungunuka ndi kuumanso chichita zoyera pamwamba. Chimenecho si chuku, ndi mafuta ake, ndipo chidyeka. Agalu okha musawapatse, pakuti kwa iwo koko ndi poizoni.

Mdani wa maswiti ouma ndi chinyezi. Shuga wopsa akoka madzi a mumpweya, ndipo maswiti osiyidwa poyera m'dzinja achita nyanda tsiku limodzi. Popeza Khirisimasi kwathu igwa pakati pa mvula, ofuna kukonzera ana maswiti a tsikulo asankhe tsiku ladzuwa, awatsekere m'botolo louma lotseka bwino akangozizira, ndipo botololo aliimike m'mbale ya madzi pang'ono kuti nyerere zisakwere. Otsekeredwa chotero a mtedza akhala milungu iwiri kapena itatu. A mkaka ndi a koko adyedwe pasanathe mlungu. Kumbukiraninso kuti pofika Disembala mtedza wakhala miyezi yambiri m'thumba, ndipo kusankha kuja kuyenera kukhala kokhwima koposa kwa nthawi ya masika.

Mayi wofuna kugulitsa ayambe ndi poto mmodzi, alembe mtengo wa shuga, wa mtedza, wa makala ndi wa mapepala okulungira, kenaka awerenge zidutswa zimene zatuluka, ndipo pamenepo ndipo aike mtengo. Mtedza wa m'munda mwake auwerengere monga angaugulitsire pamsika. Ambiri auyesa waulere, ndipo adabwa pakutha pa mwezi kuti thumba latha koma ndalama palibe. Zidutswa zikhale zolingana, zophimbidwa ku fumbi ndi ntchentche, ndipo dzanja lolandira ndalama lisagwire switi. Mtedza wopita kwa ana a eni usankhidwe monga wopita kwa ana ake.

Ana osakwana zaka zisanu asapatsidwe maswiti olimba kapena mtedza wathunthu, pakuti njere ingathe kulowa kukhosi kwa mpweya ndi kutsamwitsa. Iwo apatsidwe timipira ta chiponde tija, tonyemanyema. Khanda losakwana chaka lisalawe kanthu kothira uchi. Mwana amene atupa milomo, achita zidzolo kapena abanika akadya mtedza asayesedwenso, apite naye kuchipatala. Ndipo kwa onse, switi adyedwe pambuyo pa nsima, osati kumangomumunga tsiku lonse, chifukwa chimene chiboola mano ndi kutalika kwa nthawi imene shuga akhala m'kamwa; karamelo womamatira ndiye woipa koposa pa zimenezi, ndipo akadyedwa madzulo, mswachi uyende mwana asanagone.